Guluu Wadonthanso pa Ndodo Yanu, Alamu

Alamu, lero patha chaka tikuikireni m'manda ku Embangweni, koma mwandikwiyitsanso. Ndimakonza ndodo yanu ya mbedza ija, yansungwi, kuti Loweruka ndikawedze nayo kumtsinje wa Rukuru monga tinkachitira. Ndamanga mphete ndi ulusi, ndasakaniza guluu wa machubu awiri uja, ndapaka. Pouma wathawira mbali imodzi n'kuchita zibuluma ngati utomoni. Ndapala ndi sandipepa kawiri konse mpaka zala kuchita matuza, koma wadonthanso. Mlongo wanu akuti ndingoisiya. Sindiisiya.

Mukukumbuka tsiku lija mu Juni pakhonde panu? Munagoneka ndodo pamipando iwiri, inu mukupaka, ine ndikuitembenuza pang'onopang'ono kuti guluu asaunjikane pansi. Kunkazizira, guluu osauma msanga. Foni yanga italira ndinangosiya kamphindi chabe, basi anadontha. Munandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena m'Chitumbuka chanu chija kuti, "Mulamu, mbwenu mwananga chomene, mwawonongeratu. Ntchito iyi ndi ya anthu awiri, foniyo ilibe gawo." Ndinati nsomba sizifunsa ngati ndodo ikunyezimira. Inu munapala guluu yense n'kundikhazikanso pampando mpaka mkono kuchita dzanzi. Ndiye ndiuzeni, poti munkadziwa kuti ndi ya anthu awiri, munachoka bwanji osandisonyeza mochitira ndekha? Lero foni ndazimitsa, alamu. Ndodo ili pamipando, ine ndakhala malo anga omwe aja. Kutembenuza ndaphunzira tsopano, koma wopaka palibe.