Munati ndikuyang'aneni m'maso

Achemwali, lero pamsika wa Ngabu mayi wina wandiyang'anitsitsa pogula mlamba, basi ndakumbuka inu. Zaka zonse zija kuyunivesite munkafufuza mmene ubongo umazindikirira za mumtima mwa munthu poona nkhope ndi maso ake. Mutabwera kumudzi matenda atakula, munandiitana pakhonde n'kunena kuti, "Esinati, tandiyang'ana m'maso, ndione ngati ukuopa." Ine ndinangozyolika monga tinaleredwera. Munaseka: "Anzanga akunja amati woyang'ana pansi akubisa kanthu. Ndimawauza kuti kwathu umenewo ndi ulemu."

Tsiku lija sunali ulemu, achemwali. Ndinkabisa misozi, ndipo inu munaona koma simunandiyalutse. Patha zaka ziwiri tsopano. Ndikanadziwa kuti simudzandipemphanso, ndikanadzutsa mutu. Usani mumtendere.