Chifuwa Chinamveka Kumzere Wina

Amuna anga ali ndi kachifuwa kawo. Si matenda ayi. Ndine nesi, ndinawapimitsa kangapo konse, ndipo madokotala anangoti ndi chizolowezi. Amatsokomola kawiri motsatizana, kenako n'kukonza pakhosi ngati munthu amene wapatsidwa pemphero lotsekera. Anakatengera ku choko, nthawi imene ankaphunzitsa sekondale kumudzi. Kachifuwa kameneka ndingakazindikire ngakhale pakati pa msika. M'tchalitchi ndimakamva, m'tiramu yodzaza, sitima ya m'misewu ya m'tauni muno, ndimakamva, ndipo ana athu ali aang'ono ankakayeserera mpaka kugwa n'kuseka. Ndayambira pa chifuwa chifukwa ndi chimene chinandiuza zoona tsiku limene pakamwa pawo panandinamiza.

Nthambi ya chipani chathu kuno kumpoto kwa England inabadwira m'nyumba mwanga, ku Sheffield, pa mipando yanga. Ndikunena mosapsatira mawu chifukwa alipo ena amene lero amalankhula ngati anaibereka okha. Ndinkaweruka ku wodi miyendo itatupa, n'kukwera chitunda chathu chija, n'kufikira kukazinga mandasi kuti anthu akabwera kudzakambirana za dziko asakambe ndi njala. Ena ankachokera ku Newcastle, ena ku Middlesbrough. Basi ikawathawa ankagona pabalaza panga, ana anga n'kumawadumpha m'mawa popita kusukulu. Pa zaka zonsezo panalibe ndi mmodzi yemwe anati, "Mayi, khalani pansi, titsuke makapu ndife."

Ndiye kunabwera uthenga wochokera kulikulu kumudzi. Chipani chikuchititsa konivenshoni, msonkhano waukulu uja wosankha munthu wodzaimira chipani pa mpando wa pulezidenti, ndipo nthambi yathu yapatsidwa malo a nthumwi imodzi. Imodzi yokha! Ine ndinati ndipita. Sindinachite manyazi, ndipo mpaka lero sindikuona chochitira manyazi.

Apo ndi pamene anatulukira bambo wa masuti. Ameneyu amakhala ku Newcastle, ndipo anali atangolowa nthambi chaka chomwecho, zinthu zitayamba kununkhira. Munthu wake wodzimva shuga, woyenda ndi chikwama cha m'manja ngakhale pa maliro. Akatsegula pakamwa Chingelezi chimatuluka ngati mpopi wothyoka, koma mukamufunsa kuti holo ya msonkhano tilipira bwanji, foni yake imalira nthawi yomweyo. Pa msonkhano wina anaimirira, n'kukoka jekete, n'kunena kuti ku konivenshoni kumafunika munthu wodziwa kulankhula ndi akuluakulu, osati wodziwa kukazinga. Ananena zimenezi ali ndi ndasi langa m'manja. Asa!

Kunena zoona, za bambo wa masuti sizinandisowetse tulo. Adani a panja sapweteka kwenikweni. Chimene ndinkafuna kudziwa chinali chimodzi: amuna anga ali mbali yanga kodi? Ndinali ndi chifukwa chofunsira. Kuno anabwera pa viza yanga, monga amabwerera amuna ambiri a manesi. Kumudzi anali aphunzitsi olemekezeka, anthu ankawavulira chipewa. Kuno amanyamula makatoni ku weyahausi, kosungira katundu. Azibambo anzawo a m'nthambi, makamaka gulu la bambo wa masuti, anawapatsa dzina loti adipendenti, kutanthauza wodalira mkazi, ndipo ankawaitana choncho akuseka, iwo n'kumasekanso nawo ngati sizikuwawa. Ine ndinkadziwa kuti zikuwawa. Choncho tsiku lina tikupachika zovala ndinawafunsa maso ndi maso.

"Abambo, ngati simukufuna kuti ndiime, nenani pano. Ndisiya."

"Aaa, mayi, mukuyankhula chiyani? Imani. Ine ndidzakhala woyamba kumbuyo kwanu."

Anatero ndithu. Sindinawakakamize, sindinawagwire pakhosi. Mawu amenewo ndinawasunga mumtima ngati mbewu, ndipo ndi amene anandilimbitsa masabata onse amene gulu lija linkandinyoza pa foni kuti nesi akasamale odwala.

Tsopano za kavotedwe. Kwathu pa mapulaimale a chipani sitiponya pepala m'bokosi. Opikisana amaima kutsogolo, ndipo aliyense wovota amakandanda kumbuyo kwa munthu amene akumufuna, wina n'kuwerenga mitu. Kamtsikana kena, kanesi ka ku Newcastle, kanati bwanji tingolemba pa timapepala mwachinsinsi popeza tonse timadziwana. Bambo wa masuti anakana kwamtuwagalu. Anati tichite za kwathu, chipani chisaone ngati ulendo wa ndege unatiiwalitsa mwambo. Ine ndinadziwa chimene ankafuna. Ankafuna kuti azibambo achite manyazi kuima kumbuyo kwa mkazi anzawo akuona. Nkhanga zinali zitapangana kusanapse.

Koma akulu ena a mpingo anaikapo lamulo limodzi kuti tisadzadane kumaliro ndi kumaukwati. Anati opikisana ayang'ane kukhoma, ndipo asacheuke mpaka kuwerenga kutatha, anthu onse atabwerera pa mipando yawo. Wocheuka wagwa. Wowerenga tinapempha bambo wina wa ku Zambia amene timapemphera naye, poti iye analibe mbali.

Linali Loweruka masana, mu holo ya tchalitchi imene tinabwereka, kunja kukuwaza kamvula kosatha ka kuno. Anthu anabwera ambiri kuposa pa msonkhano uliwonse, ena nkhope zawo ndinali ndisanazionepo. Ndinamanga chitenje cha chipani pamwamba pa thalauza chifukwa cha kuzizira. Ndinaima kumanzere, bambo wa masuti kumanja, pakati pathu mpata woti galimoto n'kudutsa. Kutsogolo kwanga kunali khoma, ndipo pakhomapo ana a Sande sukulu anamatapo zithunzi za nkhosa zopaka utoto. Nkhosa zimenezo ndimaziona mpaka lero.

M'Zambia uja anaomba m'manja, mipando n'kuyamba kukwekwereza. Munthu ukayang'ana kukhoma makutu amasanduka maso. Ndinamva nsapato zikubwera, ndinamva kunong'ona, ndinamva zitenje zikukhudzana. Ndinadikira dzanja la amuna anga, poti woyamba pa mzere amagwira phewa la munthu wake. Dzanja linabweradi, koma linali laling'ono, lozizira, lokhala ndi chibangili. Linali la mayi wina wa ku Middlesbrough, mmodzi wa aja akudikira mapepala okhalira kuno, amene sangapite kumudzi ngakhale kutagwa maliro a mayi wawo. Anandinong'oneza kuti, "Tili pano, asisi. Mukatipondereko dothi la kwathu." Ndinadziuza kuti abambo achedwa ndi khamu, ali penapake kumbuyoku, mwina apatsa mpata azimayi.

Kenako holo inati zii, m'Zambia n'kuyamba kuyenda akuwerenga. Mu bata limenelo ndinamva kutsokomola kawiri, ndi kukonza pakhosi kuja. Sikunachokere kumbuyo kwanga. Kunachokera kumanja, kutsidya kwa mpata uja, pafupi ndi kutsogolo kwenikweni.

Mayo ine! Ndinayesa kudzinamiza kuti holo ikubweza mawu, kuti mwina alipo wina wa chifuwa chofanana. Ngati kuti akufuna kundichotsa chikayiko, anatsokomolanso. Khosi langa linayamba kutembenuka lokha, ndipo mayi wa ku Middlesbrough uja anandifinya phewa mwamphamvu, zikhadabo mpaka kulowa. Nayenso anali ataona. "Musacheuke," anatero, "mukacheuka mwawapatsa." Ndinaluma mano n'kuyang'anitsitsa nkhosa imodzi ya miyendo itatu, misozi ikutsikira mkati.

Anthu atakhala pansi anatiuza kuti titembenuke. Ndinapambana. Sikunali kupambana kwa patali, koma ndinapambana, chifukwa azimayi a ku Middlesbrough anabwera basi yathunthu, ndipo manesi anzanga anasinthanitsa mashifiti kuti apezeke. Nthungululu zinalira mpaka woyang'anira holo anasuzumira. Bambo wa masuti anandigwira chanza ndi nsonga za zala, akuyang'ana kudenga, n'kuyamba kufotokozera anzake m'Chingelezi kuti kawerengedwe kanali ndi mavuto. Ameneyo ndinalibe naye ntchito. Maso anga anali pa munthu mmodzi amene anabwera akuthamanga, manja ali m'mwamba, mano onse pamtunda.

"Tawina, mayi! Tawina!"

Tawina? Ife ndani? Ndinawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Ndinawafunsa mwakachetechete kuti anaima pati, poti dzanja lawo sindinalimve.

"Kumapeto kwenikweni kwa mzere wanu," anatero. "Azimayi anandipitirira, mukudziwa mmene amachitira."

Sanaphethire n'komwe. Bambo wa ana anga, mkulu wa kwaya, munthu amene ndagona naye mphasa imodzi kuyambira ndili mtsikana, kundiphikira bodza lotentha pamaso pa anthu amene anaona zonse! Azimayi amene anali pafupi anangoyang'ana pansi, wina n'kuyamba kupinda chitenje chopindapinda kale. Pamenepo ndinamva manyazi oposa ukali, chifukwa holo yonse inkadziwa, ndipo iwo ankaganiza kuti wosadziwa ndine ndekha.

Sindinachite phokoso. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo ana anali pomwepo akudya mabisiketi. Ndinati ndiwapatse nthawi, mwina aulula okha. Masabata anadutsa. Ankandithandiza kusakasaka tikiti yotsika mtengo, ankandigulira timphatso topita nato kwa achibale, ankauza anthu kutchalitchi kuti "athu akupita ku konivenshoni" chifuwa chili patsogolo. Ine ndinkawapatsa chakudya, ndinkachapa malaya awo, ndinkayankha akafunsa. Koma akatsokomola kuchipinda china, mtima wanga unkawira ngati ndamwa madzi a moto. Mwana wathu wamkulu anandifunsa m'Chingelezi chake chija kuti bwanji masiku ano ndimatuluka m'chipinda adadi akakhosomola. Ndinamuuza kuti akachite homuweki.

Mlandu suwola. Tsiku la ulendo wanga, m'mawa, ana atapita kusukulu, sutikesi ili pakhomo, ndinawaimitsa m'khonde.

"Abambo, ndisanakwere ndege ndikufunsaninso. Munaima pati?"

Anayamba kubwereza za kumapeto kwa mzere. Ndinakweza dzanja.

"Munatsokomola," ndinatero. "Kawiri. Kenako kawirinso."

Anakhala pa sitepe. Kenako anayamba kulankhula, mawu ali pansipansi. Anati azibambo anawazungulira panja tisanalowe, n'kuwauza kuti lero tiona ngati adipendenti ali ndi msana. Anati wina anawafunsa ngati akatsale akuchapa matewera madamu ali ku konivenshoni. Anati anawerengera kuti ndipambanabe ndi azimayi aja, mutu wawo umodzi sungasinthe kanthu, ndipo ine sindidzadziwa poti ndayang'ana kukhoma.

"Ndimangofuna tsiku limodzi, mayi. Tsiku limodzi loti andione ngati mwamuna."

Ndikanama ndikati sizinandikhudze. Ndikudziwa chimene dziko lino lawachita, ndinaliona likuwadya pang'onopang'ono. Koma chifundo changa chinali ndi malire, ndipo malire ake anali bodza lija.

"Ndiye munagula umuna wanu ndi msana wanga?" ndinawafunsa. "Ndinakupatsani mpata, ndinati nenani ndisiye. Mukanati musaime, ndikanakwiya sabata imodzi n'kuiwala. Mukanakhala pampando osavota, ndikanamvetsa. Koma inu munadikira kuti ndiyang'ane kukhoma. Anthu aja amakutchani dzina lachipongwe, inu n'kukaima nawo. Ine amene sindinakutchulenipo dzina limenelo ngakhale tsiku limodzi, ndi amene munasankha kundibaya."

Anangoti pepani, kawiri, ndipo ine sindinati zikomo, sindinatinso palibe kanthu, chifukwa kanthu kanalipo.

Nthawi inali itatha. Ananyamula sutikesi, ine chikwama cha m'manja, tinatseka chitseko n'kuyamba kutsika chitunda kupita pokwerera tiramu. Njira yake ndi yopapatiza, mbali ina magalimoto oimikidwa, mbali ina mabini a zinyalala, moti anthu awiri sangayende mogundizana mapewa. Ine ndinatsogola monga mwa masiku onse. Matayala a sutikesi ankalira kumbuyo kwanga, ndipo tisanafike pa kona ndinamva kachifuwa kaja, pafupi penipeni ndi khutu langa, pamalo pamene ndinkakafuna tsiku lija.

Ndinaima.

"Pitani kutsogolo," ndinatero.

"Mayi?"

"Pitani kutsogolo, ndizikuonani. Kumbuyo kwanga kuli eni ake."

Anandiyang'ana, n'kupatuka, n'kudutsa akukoka sutikesi ija. Ndinawatsatira chitunda chonse ndikuyang'ana msana wawo, jekete imene ndinawagulira chaka chawo choyamba kuno, ndi imvi zimene ndinali ndisanazione kuti zafika mpaka m'khosi. Kawiri konse ndinaona mapewa awo akugwedezeka, dzanja litatseka pakamwa. Ankachibweza chifuwa chija kuti ndisachimve, ndipo anachibweza mpaka tiramu inafika.