Tsiku limene ndinabeleka yisiti

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezela pa basi. Ku Nyimba ndinathandiza mayi wina kukweza thumba la nthochi zakupsa kwambili, ndipo ndinamuseka kuti am'namiza. Iye anati akufuna yisiti wa pa makoko, osati nthochi. Anali a Mwanza, wofufuza za sayansi amene anali ndi labu yaing'ono, chipinda choyeselamo zinthu, ku Petauke. Tisanatsike anali atandilemba ntchito yotsuka mabotolo.

Pang'onopang'ono anandiphunzitsa kuthila chakudya cha yisiti m'timbale, kuotcha kawaya pa lawi, ndi kupaka yisitiyo. Anati m'selo, DNA imakulungidwa pa timapuloteni totchedwa mahisitoni, ngati ulusi pa kamtengo. Kachigawo ka DNA kotchedwa jini kakakulungidwa sikagwila ntchito. Yisiti akasowa mchele wotchedwa fosifeti m'chakudya chake amasuntha mahisitoniwo n'kuwachotsa, jini imatseguka, ndipo ukathila mankhwala yisitiyo amafiila. Koma amafuna kutenthela.

Tsiku lovuta linafika m'nyengo yozizila. Akuluakulu a ku Lusaka anali kubwela mawa lake kudzaona ngati ntchitoyo ipitilile kapena aitseke. Malaiti anapita m'mamawa, kabokosi kofunditsila timbale kanazizila. Ine mtima unali m'mwamba, chifukwa kubwelela kwathu ku Nyampande kukathilila dimba la atate sindinafune ngakhale pang'ono.

A Mwanza anamata timbale m'mbali, anavula chitenge chawo n'kundipatsa.

"Bambo, belekani. Ine ndikonze mankhwala."

"Ine? Mwamuna?"

"Yisiti sadziwa zimenezo."

Ndinamanga timbale pamimba, mkati mwa juzi, ndipo ndinakhala nato tsiku lonse osawelama. Amai ogulitsa vitumbuwa pa geti atandiona anaseka mpaka kugwila chipupa. "Iyayi, a Tembo, mwezi wachingati?" Manyazi anandigwila, koma sindinamasule.

Malaiti anabwela madzulo. M'mawa mwake, alendo ali chiimile, a Mwanza anathila mankhwala. Poyamba zii. Kenako kambale kopanda fosifeti kanayamba kufiila, kena kokhala ndi fosifeti kanakhalabe kotuwa. Ndinapumila m'mwamba mpaka mlendo wina anacheuka. Ntchito sanaitseke.

Kuyambila pamenepo ndikalowa mu labu ndimayamba ndagwila kabokosi kuti ndimve ngati n'kotentha, zina zonse pambuyo. Amai a vitumbuwa aja mpaka lelo akandiona pa msika amafunsa ngati ana akukula. Ndimawayankha kuti ndiwo akundidyetsa.