Lilime Langa ndi Makoko a Nyenje

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, mliri wa korona usanabwere, pamene khungu langa linandiukira. M'zigongono ndi kuseri kwa mawondo munatuluka tizilonda tochucha madzi, ndipo ndinkakanda mpaka magazi. Kusukulu kwathu ku Highfields, mumzinda wa Leicester, anzanga ankasuntha mipando ndikakhala pafupi. Mafuta onse olembedwa ndi dokotala tinapaka, koma ayi ndithu.

Amayi ndi nesi. Masiku amenewo ankagwira mashifiti a usiku motsatizana, ine n'kumagona kwa aneba. Za zitsamba ankazinyoza kwabasi. Koma Loweruka lina, atatopa n'kuchapa zofunda zamagazi, anandikweza basi kupita m'tauni kwa sing'anga wa Chitchaina amene mnzawo wa kutchalitchi anawalozera.

Fungo la m'sitolo mwakemo, abale inu! Ngati makatoni onyowa osakaniza ndi bowa wowola. Sing'angayo, bambo wachikulire wamagalasi, anandiuza kuti nditulutse lilime. Zilonda zili m'zigongono, munthu akufuna lilime! Analisuzumira mpaka dovu linayamba kundidontha. Kenako anandigwira pamkono ndi zala zitatu, uku ndi uku, n'kuyamba mafunso onyansa: chimbudzi ndimachita cholimba kapena chofewa, mkodzo umaoneka bwanji, tulo ndimatipeza kapena ayi. Ndinangoti zyoli ndi manyazi.

M'Chingelezi chake chodukaduka anafotokoza kuti kwawo saona khungu palokha. Thupi ndi chinthu chimodzi, anatero. Kutentha ndi kuzizira ziyenera kulingana, ndipo zikasokonekera mkati zimatulukira kunja. Ine akuti ndinali ndi kutentha kochuluka.

"Mwanayu sakutentha thupi, ndamuyeza m'mawa womwe uno," anatero amayi mwaunesi wawo.

Bamboyo anapukusa mutu. Anati sakunena kutentha kwa pachoyezera, koma moto wa mumtima. Atatero anayamba kulongedza mizu ndi makungwa m'timapepala, kenako anatapa makoko a nyenje, athunthu, timiyendo tili kwakwata. Ndinayang'ana kumbali pompo.

M'basi pobwerera amayi ankayankhula okha chapansipansi, akutembenuzira mawu a bambo uja m'Chichewa. "Moto wa mumtima. Mtima ukupsa." Mwadzidzidzi anandicheukira.

"Iwe Tadala, wakupsetsa mtima ndani?"

Ine ndinabadwira ku Leicester konkuno, ndipo amayi akandiyankhula m'Chichewa ndinkayankha m'Chingelezi. Tsiku limenelo sindidziwa chinandigwira n'chiyani.

"Inuyo," ndinatero m'Chichewa. "Mumandisiya kwa anthu."

Sanandikalipire. Anayang'ana pawindo mpaka tinatsika, akupukuta m'maso ndi nsonga ya sikafu.

Mankhwalawo ankawawiritsa mumphika wakale, chifukwa kununkha kwake sikunkachoka. Nyumba yonse, makatani, ngakhale yunifolomu yanga zinkamveka fungo lomwelo. Madzi ake anali akuda bii, owawa mothina pakhosi, ndipo pansi pa kapu pankatsalira nsenga zimene sindinkafuna n'komwe kudziwa kuti n'za chiyani. Ndinkatseka mphuno, kumeza, n'kuyamba kudzuma ngati ndisanza.

"Zakudya izo, kwathu ku Dedza nyenje timakazinga," ankandiseka choncho amayi. Ine n'kumangonyansidwabe.

Sabata yotsatira anakapempha kwa akulu a wadi yawo kuti awasinthire ku mashifiti a masana. Sizinatheke msanga, koma anakakamira mpaka anawalola. Khungu linayamba kuuma pang'onopang'ono, ngakhale mpaka lero limandivuta kukazizira.

Kaya zinathandiza ndi nyenjezo, kaya mafuta a kwa dokotala amene sitinasiye kupaka, sindidziwa. Mwinanso bambo uja sankanena za mkwiyo n'komwe, amayi anangomva mwa Chichewa chawo. Ndikakumbukira kapu ija malovu amadzazabe m'kamwa, ndipo sindingamwenso ngakhale mutandigwadira. Koma pano ndikumvetsa kuti mwana akhoza kukanda chaka chathunthu chinthu chimene akulephera kuchitchula. Ndikumvetsanso chifukwa chake sindinakanepo zonyansa zija ngakhale tsiku limodzi. Kuti ndimalize kapu, amayi ankayenera kukhala pambali panga.