Namzeze wa mphete pakhonde pathu

Amuna anga, dzinja likafika, ankapita kunkhalango ya Ntchisi kukanyamulira maukonde anthu ena obwera. Anthuwo ankakola mbalame, koma osati zodya ayi. Akaigwira, kuiyeza phiko, kuiveka kamphete kachitsulo kumwendo, kenako kuitaya m'mwamba. Anzawo ankangothamanga ndi makamera pambuyo pa agulugufe.

Ine ndinkawaseka. "Abambo, ndiwo mwagwira kale, ndiye mukuzimangitsa ukwati?"

Iwo ndi kamawu kawo kapansipansi: "Mayi, kampheteko n'kodziwira ngati mbalameyo yabweranso."

Chaka chomwe anagwa ndi sitoloko, mawu anathawa, dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa. Phala ankalavula. Ine kunyengerera, kukalipa, kuimba ndithu, ayi.

Mvula itayamba, anamzeze awiri anamanga chisa chamatope pansi pa denga la khonde. Tsiku lina nditawagoneka abambo pamphasa kuti awothere dzuwa, ndinangomva, "Mm, mm," akuloza ndi dzanja labwinolo. Namzeze mmodzi anali ndi kamphete. Kaya anamuveka okha, kaya ndi ena, sindikudziwa. Koma tsiku limenelo phala anamaliza mbale yonse. Kuyambira pamenepo kukacha ankagogoda bedi kuti ndiwatulutse, ndipo ankadya maso ali kuchisa.

Ndiye kunabwera alongo awo kuchokera ku Bowe kudzadwazika. Sanakhale n'komwe.

"Alamu, icho chili kumwendo kwa mbalameyo n'chiyani?"

Ndinafotokoza zonse, maukonde, makamera.

"Mbalame ya Mulungu kuvala chitsulo? N'kudzamanga pamutu pa wodwala? Yotumidwa imeneyo."

"Alamu, kutchalitchi ndinu oyambitsa nyimbo, lero mukuopa namzeze?"

"Zoimba n'zina. Inu muli ndi ana anu. Ine mlongo ndatsala naye ndi yekhayu."

Abambo anayamba kupukusa mutu, "Mm, mm," malovu akutuluka.

"Mwaona? Nawonso sakuifuna."

"Akukana inuyo, alamu."

Tinakangana mpaka nkhuku kulowa. Ine ndinkati zathera pomwepo.

Patapita masiku ndinapita kuchigayo kwa Kasakula. Pobwera ndinapeza nsungwi yatsamira khoma, pakhonde posesa bwinobwino, pamwamba pangotsala chipsera cha matope. Abambo anali atasambitsidwa, atadzozedwa mafuta, atavala malaya ochapa. Anamzeze ankangozungulira pabwalo akulira.

Alamu anandilandira thumba la ufa akumwetulira. "Ndachotsa. Ana ake ndataya kudzala. Muona, achira tsopano."

Ndinakalipa mpaka anthu ochokera kudimba anaima mumsewu. Amene anandiletsa ndi abambo. Anandikoka chitenje pang'onopang'ono, osandiyang'ana.

M'mawa mwake sanagogode. Nditati ndiwanyamule, anagwira bedi zolimba n'kutembenukira kukhoma. Ndinayesa kuwanamiza.

"Abambo, abwera, akumanganso."

Anatchera khutu. Kunja kunali zii. Munthu woti wakhala ndi mbalame moyo wake wonse ungamunamize?

Phala linayambanso kubwerera m'mbale. Kuchipatala anatipatsa mapiritsi, iwo ankangotseka pakamwa. Chimanga chisanakhwime tinawaika m'manda.

Pamaliro palibe analira kuposa alamu. Ankagubuduka pansi akuti, "Achimwene, ndinachedwa kuchichotsa, ndikhululukireni." Azimayi anandiyang'ana kudikira kuti ndiyankha chiyani. Ndinangonyamuka n'kukawadzutsa alamuwo, n'kuwamanga chitenje m'chiuno, chifukwa chinali chitamasuka.