Masaya Amene Anafika kwa Madoda

Matenda anga ndi a m'matumbo, ndipo si a dzulo. Zaka zambiri ulendo wanga unali umodzi, kuchoka pakhonde kupita kuchimbudzi, mpaka udzu unaleka kumera m'kanjirako. Masiku ena ndi magazi omwe. Ndinauma ngati usipa wa pathandala. Mkazi wanga atamwalira, anthu kuno ku Tukombo, kumene bambo timati ada, ankangoti ada aja akutsatira mnzawo. Za matendawo sindinkauza munthu. Mwamuna wa imvi angayambire pati?

Kenako kuchipatala anandipatsa timapiritsi toyera, ati masiteroyidi. Namwino wake, mtsikana wa ku Dedza, anandichenjeza. "Agogo, muzimva njala kwambiri, nkhope itupa. Musadzasiye nokha, tidzachepetsa pang'onopang'ono."

M'mimba munagwa bata. Koma njala yake! Kondowole, nsima yathu ya chinangwa, wa anthu atatu ndinkamaliza ndekha, n'kusuzumiranso mumphika. Isanathe miyezi iwiri masaya anali atabisa makutu, batani la jekete linathawa pakati pa nyimbo m'tchalitchi. Wakabaza wina ku Mpamba anandiyang'ana, n'kuyamba wafinya kaye tayala asanandikweze.

Tsono kwathu kuno mwamuna wamasiye sanenepa yekha. Akanenepa ndiye kuti pali dzanja likumuphikira. Dzanjalo anthu analipeza msanga: mayi wina wamasiye wokazinga zitumbuwa ndi chinangwa pamsewu, amene ndinkaima pabenchi lake kawiri pa tsiku chifukwa cha njala ija. Mayiyu ndiye ankaimbitsa nyimbo m'gulu la amayi a kumpingo.

Alamu anga, ang'ono awo a malemu mkazi wanga, anabwera dala kudzanditsina tsaya.

"Alamu, izi si za usipa izi. Ndani?"

"Ndani chiyani?"

"Musandipusitse. Akulu anga anakuphikirani zaka zonse zija, simunafike apa."

Ine ndinangoseka n'kukanda chibwano. Ndivomere tchimo langa: zinkandikoma. Pa msinkhu wangawu, kuganiziridwa chibwenzi ndi ulemu. Wina akafunsa ndinkati, "Zina sitinena," n'kuyenda monyang'wa.

Kuseka kunatha tsiku limene ndinapeza mayi uja maso ali psuu. Madoda a mpingo, akuluakulu oweruza milandu yathu aja, anali atamuuza kuti avule kaye yunifolomu ya gulu, asaimbitsenso mpaka nkhani yathu itamveka.

"Ada, inu mukuseka, ine akundivula," anatero, osandiyang'ana n'komwe.

Loweruka ndinapita kwa madoda, botolo la timapiritsi tija lili m'thumba. Ndinaligwedeza pamaso pawo.

"Chibwenzi changa ndi ichi. Timakumana m'mawa uliwonse ndikatha kudya."

Sanaseke, sanakhulupirirenso. Wina anati kapiritsi kochepa ngati njere ya mpunga sikangamange masaya otere. Ndiye ndinamasula thumba lonse. Ndinawauza kangati pa tsiku. Ndinawauza za magazi. Ndinawakumbutsa maliro aja ndinathawa pakati pa ulaliki n'kulowa m'munda wa chinangwa, iwo n'kumati chisoni chandikulira.

"Basi ada, basi, tamva," anatero doda wamkulu, dzanja lili m'mwamba.

"Ayi, mwafuna umboni," ndinatero, n'kuwonjeza za tsiku limene m'mimba munanditsegukira muminibasi.

Lamlungu mayi uja anaimbitsa, yunifolomu ili mbee. Lolemba ndinafika pabenchi lake chifuwa patsogolo, mwina n'kugwa chitumbuwa chothokoza.

"Yewo ama. Ndakuyeretsanitu."

Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi.

"Chinandiwawa kwambiri si madoda ayi. N'choti anthu anakhulupirira kuti ntchito iyi ndi ya manja anga. Nkhope ngati dzungu, miyendo ngati bango! Ndikanakhala ine, bwenzi mutanenepa thupi lonse. Tasunthani, mukunditchingira makasitomala."