Manda Athu a Pachilumba

Dandaulo loyamba ndinalipereka ku boma chaka chimene ndinayamba kukhoma msonkho, lachiwiri nditakwatira, lachitatu mano atayamba kugwa. Makope onse ndili nawo m'chitini, koma yankho ndilibe.

Ndili mwana, sitima zikuyendabe mu Shire kuchokera ku Port Herald, pakati pa dambo lathu panali chilumba cha mitengo yowirira. Mikuyu ndi migwalangwa inkatseka dzuwa, apusi ankalumpha m'nthambi, pansi pankanunkha masamba owola ndi ndowe za mvuu. Azungu atachiona anati ndi nkhalango imene munthu sanaikhudzepo, motero anaikapo mlonda kuti chikhale cha nyama ndi alendo odzaona nyamazo. Sanafunse chifukwa chimene nkhwangwa inkapewera mitengoyo. Anali manda athu, ndipo kumanda sitidula mtengo.

Chilimwe china ine ndi atsibweni, alongo awo a mayi, tinalembedwa ganyu yopalasa bwato la alendo. Titakocheza, alendowo anakhoma hema pamthunzi wosalala bwino, pamene pagona agogo anga. Dona wina anatola mphika woboola umene tinaika pamanda, naukulunga mu nsalu kuti akaonetse kwawo. Atsibweni anangogwira nkhafi.

Mvula itayamba, mayi anamwalira ndi malungo. Tinawakulunga mu mphasa, n'kuwoloka ndi mabwato kudutsa m'gumbwa. Padooko la pachilumbapo tinapeza mlonda, munthu wa kwathu komweko, atanyamula mfuti.

"Bwererani, akuluakulu. Kulira kwanu kuthawitsa nyama."

"Iwe, suja unkadya m'nyumba mwa malemuwa?" anatero atsibweni. "Ambuyako agona kuti?"

"Momwemu," anayankha akuyang'ana pansi. "Koma mukatsika, chikoti chigwera ine."

Tinabwerera. Mayi tinawaika kutsidya, m'dothi la madimba, dzenje likudzadza madzi tikukumba. Mwezi usanathe Shire anasefukira, ndipo madzi ataphwa tinapeza mchenga wokhawokha, wosalala ngati bwalo. Ndinafukula ndi manja mpaka zala kutuluka magazi.

Alendo analeka kubwera kalekale, mlonda uja anafa, koma palibe amene anatiuza kuti lamulolo linachotsedwa. Ine tsopano ndakalamba, ndipo ana anga akuopa kudzandiwolotsa.

Choncho ndikupempha mwaulemu kuti a boma andiyankhe polemba, ndikadali ndi maso owerengera: kodi ndikafa, bwato langa lidzaloledwa kukocheza pachilumbapo, kapena nanenso mudzandipereka kwa madzi?